Ndalama zothana ndi mbozi zimapita kuti, nanga bwanji kaufiti sakumbukiridwa?

Mayi wina wa kudera la Thuchila wanditumizira imelo sabata yathayi, ndipo funso lawo ndi lomwe ndakhala ndikulimva m'misika kuyambira ku Luchenza mpaka pa Chitakale. Iwo akuti mbozi zikagwa m'minda amamva pa wailesi kuti boma latulutsa ndalama zothana ndi vutoli, koma m'mudzi mwawo palibe amene analandirapo ngakhale kwacha imodzi. Akufunsa kumene ndalamazo zimapita, komanso ngati zingawathandize pa kaufiti yemwe wawakanika m'munda mwawo kwa zaka zambiri.

Mayi, ndalama zimenezi sizigawidwa m'manja mwa alimi ngati za Mtukula Pakhomo ayi. Zimadzera ku unduna wa za malimidwe, ndipo ntchito yake ndi kugulira mankhwala, zipangizo zopopera, zovala zodzitetezera, misampha yogwira agulugufe omwe amaikira mazira a mbozi, komanso mafuta oti alangizi ayendere m'midzi. Katunduyo amatsikira ku ADD, ofesi ya zaulimi yoyang'anira maboma angapo, yomwe kwa ife a ku Mulanje ndi Thyolo ndi ya Blantyre, kenako ku ofesi ya zaulimi ya pa boma, mpaka kufika ku EPA, ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'dera la kwanu. Choncho chomwe mungayembekezere kuona ndi botolo la mankhwala lomwe mugawane anthu angapo, osati ndalama za pa foni.

Chitsanzo chodziwika ndi cha mu Disembala 2017, pomwe mtsogoleri wa dziko lino, a Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha mbozi za fall armyworm, zija zofanana ndi ntchemberezandonda. Mbozizi kwawo ndi ku America. Zinapezeka koyamba kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika m'dzinja la 2016/2017 zinali zitalowa kale m'minda ya kuno kwathu. Kulengeza kotereku pakokha si ndalama, koma kumatsegula khomo loti nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ilowererepo, ndiponso kuti mabungwe monga FAO, la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, ndi mayiko otithandiza abweretse thandizo lawo.

Vuto lalikulu lili pa nthawi. Gulugufe wa mbozi imeneyi amauluka usiku mtunda wautali kwambiri, ndipo amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi pa tsamba, omwe amaswa pakangotha masiku awiri kapena atatu nyengo ikakhala yotentha. Timbozi tikadali tating'ono timangopala tsamba n'kusiya kachikopa koonekera ngati pepala lonyowa, ndipo iyi ndiyo nthawi yomwe timafa msanga. Pakatha sabata ziwiri, mukatsegula nsonga ya chimanga mumapeza ndowe zonga utuchi zitadzaza, pansi pake mbozi yonenepa itabisala, yokhala ndi chizindikiro cha Y wozondoka pamutu ndi timadontho tinayi takuda chakumchira. Ikafika pamenepo, mankhwala opopera pamwamba saifika bwino. Tsono taganizirani kuti lipoti lichoke kwa alangizi, likwere mpaka ku Lilongwe, ndalama zivomerezedwe, mankhwala agulidwe motsatira malamulo ogulira katundu wa boma, kenako galimoto idzafike ku Thuchila misewu ili matope okhaokha. Akuluakulu anati mmera mpoyamba, koma thandizo la pangozi nthawi zambiri limapeza madzi atafika kale m'khosi.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti chimanga chikangomera muziyendera m'munda kawiri pa sabata, m'mawa kusanatenthe. Mazira ndi timbozi tating'ono tikanyeni ndi zala, ndipo m'nsonga thiranimo dothi, mchenga kapena phulusa. Alimi ena amathira msuzi wa usipa kuti uitane nyerere zidzadye mbozizo, ena amaviika masamba a nimu kapena ombwe n'kuwazira madzi ake. Mukafuna kugula mankhwala, pewani aja ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro pa tsiku la msika, chifukwa mankhwala ovomerezeka ndi okhawo omwe analembetsedwa ku Pesticides Control Board, yomwe ili konkuno ku Bvumbwe. Koposa zonse, uzani alangizi kapena mlimi wotsogolera wa m'mudzi mwanu tsiku lomwelo, pakuti mankhwala amagawidwa potengera malipoti a kukula kwa minda yomwe yagwidwa, ndipo mudzi womwe sunanene umawerengedwa ngati uli bwino.

Pa nkhani ya kaufiti, yankho langa silikusangalatsani, Mayi. Ndalama za pangozi zimathamangira mdani wooneka, wodya munda m'sabata imodzi, pomwe kaufiti amapha mwakachetechete. Amayamwa mizu ya chimanga ali pansi, ndipo timaluwa take tofiira tikamatuluka amakhala atawononga kale. Mtengo umodzi umabala njere zikwizikwi zonga fumbi, zomwe zimatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 10, ndipo amakonda nthaka yoguga. Kuno kwathu, komwe minda ya anthu inapanikizika pakati pa maesiteti a tiyi ndi phiri, palibe amene angagoneke munda kuti upume. Chotheka ndi kumuzula asanachite maluwa n'kumutentha, kuthira manyowa chaka ndi chaka, ndi kusinthanitsa kapena kuphatikiza chimanga ndi nandolo, soya kapena mtedza. Imeneyi ndi ntchito ya zaka, ndipo malo ake ndi mu bajeti ya chaka chilichonse.

Ife a ku Thyolo tinaphunzira zimenezi ndi misozi pa matenda a nthochi a chisaka. Nthochi za ku Thekerani ndi Masambanjati zinkadzaza malole opita ku Blantyre, zinkalipira fizi ndi kufolera nyumba ndi malata, koma nsabwe zofalitsa matendawa zinayenda phata ndi phata mpaka misika yathu inayamba kudalira nthochi za ku Mozambique ndi Tanzania. Chisaka chilibe mankhwala: phata lonse liyenera kuzulidwa, mudzi wonse nthawi imodzi, kenako n'kubzala mbewu yopanda matenda. Mlimi amene wazula amakhala chaka ndi miyezi osagulitsa mkoko ngakhale umodzi, ndipo sindimudzudzula amene anakana kuzula popanda womugwira dzanja. M'maganizo anga, pamenepa ndi pomwe ndalama za boma zikanagwira ntchito yaikulu kuposa botolo lililonse la mankhwala.

Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC), imirirani mufunse malita a mankhwala omwe anafika ku EPA yanu, tsiku lomwe anafika, ndi midzi yomwe inalandira. Phungu ndi khansala wanu muwafunsenso kuti pa ndalama za ulangizi za chaka chino, ndi zingati zomwe zaikidwa pa kaufiti ndi pa mbewu ya nthochi.