Musanagule aircon ina, wina akwere kaye kudenga

Achemwali, mwati nyumba imene mwalowa ku Randburg ili ndi aircon ya nyumba yonse, ija yotumiza mphepo m'zipinda kudzera m'mapaipi a kudenga, ndipo mayuniti akungotha ngati mukutungira madzi m'dengu. Mukufunsa ngati mugule ya inverter, ija imene imasintha liwiro lake m'malo mongozima ndi kuyaka. Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yomweyi, ndiye chonde ndalamazo zisungeni kaye.

Inverter imapulumutsadi magetsi, koma nthawi zambiri wakuba amakhala pamwamba pa siling'i. Dzuwa likaswa mtengo mu Disembala, pansi pa denga pamatentha kupitirira madigiri 50, ndipo mapaipi a mphepo yozizira amadutsa momwemo. Chaka chatha ndinakwera m'denga la nyumba ina, thukuta lili kamukamu, ndikukwawa pamitengo. Mwadzidzidzi ndinamva kamphepo kozizira pakhosi. Tepi inali itauma, paipi itaguluka polumikizira, makina akuziziritsa matailosi a denga pamene ana pansi akusowa tulo. Zinandipweteka mtima, chifukwa eni ake anali atalipira kale kawiri konse kuti awonjezere gasi woziziritsa wa mu aircon. Gasi satha ngati mafuta a galimoto. Akachepa ndiye kuti penapake pabowoka, ndipo pafunika kumata. Wina akwere kudenga akaone mapaipi anu, aonenso ngati pa siling'i anayalapo insulation, chofunda chotchinga kutentha. Malamulo a zomangamanga a SANS 10400-XA, ofuna insulation m'nyumba zatsopano, anayamba mu 2011, choncho nyumba zambiri zakale zilibe kapena ili yopyapyala.

Zina mungathe nokha. Tsegulani chitseko cha filter, sefa yogwira fumbi mu aircon, muiyang'anitse kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, itsukeni, makamaka ikatha mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti. Makina a aircon okhala panja afunika mpata wopuma. Maluwa a jacaranda akayamba kuthothoka mu Novembala amamatirira kumbuyo kwake. Zimitsani magetsi ake, kenako mutsuke ndi madzi pang'onopang'ono kuti timalata take tisapindike.

Pa remote ikani 24 kapena 25. Kuika 16 sikufulumizitsa kuzizira, kumangochititsa kuti kompresa, injini ya aircon, isapume. Mawindo oyang'ana kumadzulo muzitseka makatani masana.

Komanso musaiwale kumene tili. Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, si Durban kapena Nsanje ayi. Mvula ya mabingu ikagwa madzulo kunja kumazizira kokha. Zimitsani makina, mutsegule mawindo amene ali ndi zitsulo.

Kuti mudziwe chenicheni, yuniti imodzi ndi kWh imodzi. Lembani nambala ya pa mita m'mawa ndi madzulo tsiku limene aircon yayaka, mawa lake muizimitse mulembenso. Mwina mupeza kuti giza yotenthetsera madzi ndi imene ikudya kwambiri. Nambalazo mudzatiponyere muno tidzaonere limodzi, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, mukapite nazo kwa alandilodi pokawauza za mapaipi aja.