Njinga yamoto yakale ndi COF

Funso: Ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndili ndi Yamaha DT 125 yakale yomwe ndimapitira kumunda ku Domasi. Chaka chilichonse nthawi yokayezetsa njinga kuti ndipeze COF (chiphaso chosonyeza kuti ili bwino kuyenda pamsewu) ikayandikira, mtima sukhala m'malo. Anzanga a kabaza akuti ndiigulitse isanandichititse manyazi. Kodi ukalamba wake ungailepheretse?

Yankho: Bambo, musathamangire kugulitsa. Oyeza sayang'ana zaka za njinga. Amayang'ana mabuleki, matayala, magetsi, hutala, magalasi, ndiponso ngati nambala ya chasisi ndi ya injini zikufanana ndi za m'mapepala anu.

Njinga zakale zambiri zomwe ndakonzapo zimagwa pa magetsi, osati injini. Mawaya amauma, ndipo chinyezi cha kuno ku Zomba chimadyetsa dzimbiri polumikizira. Kaswitchi ka nyali ya buleki yakumbuyo ndiye kovutitsa kwambiri. Pondani buleki, wina akuonereni ngati nyali ikuyaka. Mukatero yesani ma indiketa onse anayi injini ikulira.

DT ndi ya two-stroke, imawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, choncho kautsi pang'ono musadabwe nako. Ukachuluka, amakanika aone pampu ya oyilo.

Kwezaninso tayala lakutsogolo mugwedeze mafoloko. Akamagogoda, mabering'i a chiwongolero amasuka kapena atha. Tayala lokhala ndi ming'alu m'mbali lisintheni ngakhale mano akadalipo. Ine sindingatsike nalo msewu wa Ku Chawe.

Zonsezi chitani kudakali milungu iwiri, chifukwa masipeya ena mungakawapeze ku Limbe.