Ka nsato kanga kakunjenjemera mutu, ndikakweretse?

FUNSO: Akulu, ndili ndi ka nsato kaja amati ball python, kakakazi, ndinagula chaka chathachi. Nkokongola zedi, mizere yake yopyapyala ngati ukonde wa kangaude, akuti mtundu wake ndi spider. Koma ndikamakapatsa khoswe mutu umanjenjemera nkumaphonya, pena kamapotokola khosi mpaka kugadama. Amene anandigulitsayo akuti ndi mmene zimakhalira, ndingokapezera yamphongo ndizigulitsa ana. Panopa kakulemera magalamu 900. Nditani?
Wokonda ziweto

YANKHO: Achimwene, wogulitsayo wanena zoona theka lokha. Eya ndi mmene zimakhalira, koma sikuti ndiye zili bwino ayi. Kunjenjemerako oweta amati wobble, ndipo kumayendera limodzi ndi jini (chibadwa chotengera kwa makolo) yomweyo imene imapereka mizere yakusangalatsaniyo, nde simungasankhe kuti ine ndingotengako kukongola kokha. Zina vutoli limachepa moti simungalione msanga, zina limakula mpaka kudya kumavuta, ndipo mayi ooneka bwinobwino atha kuswa mwana wovutika kwambiri. Nchifukwa chake ku UK bungwe la International Herpetological Society linaletsa kugulitsa ma spider pa zionetsero zake mu 2018. Mitundu ina ya ball python monga champagne ndi woma nayonso ili ndi vuto lofananalo, pomwe mtundu wa caramel albino ana ena amabadwa okhota msana.

Nde ine yankho langa ndi ayi, musakakweretse. Ndipo chikhala kuti kanali kabwinobwino ndikanakuletsanibe, magalamu 900 achepa. Oweta osamala amadikira yaikazi ifike magalamu 1,500 ndi zaka zitatu kapena kuyandikira, apo ayi mazira atha kuikanirira m'mimba, nkhani nkukhala ya dokotala wa ziweto.

Komanso tawerengerani kaye. Imaikira mazira mwina 4 mpaka 8, amaswa pakatha masiku 55 mpaka 60 pa kutentha kwa madigiri 31 kapena 32, kenako kamwana kalikonse kakufuna bokosi lakelake, kutentha kwake, mbewa yake, ndipo njoka zimenezi zimakhala zaka 20 mpaka 30 eti, zina kupitirira, nanga zikapanda kugulidwa muziika kuti? Ambiri amayamba ndi maloto a bizinesi osaganizako zimenezo.

Tsiku lina mukadzafuna kugula ina muzifunsa mafunso osachita manyazi. Makolo ake ndi mtundu wanji, inaswa liti, yafundula kale, yadya kangati payokha? Woweta wachilungamo amalemba zonsezi ndipo sagulitsa kamwana kamene sikanadye kangapo motsatizana. Funsaninso ngati inaswedwera pakhomo, poti zambiri zimachokera ku Ghana, Togo ndi Benin komwe alenje amafukula mazira ndi zazikazi za mazira kutchire, ndipo kudutsa nazo malire kumafuna chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire. Muiyang'ane m'mamba ngati mulibe tizilombo takuda tangati utitiri, kukamwa kusakhale mamina, ndipo ikafika muiike payokha miyezi iwiri kapena itatu.

Kanu mwagula kaleka musakataye mtima. Kapatseni mobisala muwiri, kotentha ndi kozizirirapo, musamakagwiregwire chifukwa kakapanikizika kunjenjemera kumakula, ndipo khoswe muzikapatsa wakufa kale, mutamugwira ndi chopanira pafupi ndi mutu, wamoyo atha kukaluma kakaphonya.