Mesh Yokulirapo Inandipusitsa pa Nsanamira ya Konkire

Achimwene, nditawerenga kuti mukufuna kukulitsa mesh (timagawo timene pulogalamu imagawa chinthu choyesedwa) kuti simulation yanu, kuyesa kwa pa kompyuta, ithe msanga, mtima wandiwawa, chifukwa ine ndinadutsa momwemo.

Ndinkayesa nsanamira ya konkire pa pulogalamu ya pa kompyuta ya LS-DYNA kuti tione ngati ingapirire bomba litaphulikira pafupi. Monga mukudziwa, mpweya wa kuphulika umagunda ndi kutha m'ma millisecond (tizigawo ta sekondi) ochepa, ndipo pulogalamuyo imawerenga pang'onopang'ono motsatira kachigawo kakang'ono kwambiri ka mesh, moti timagawo tikakhala tating'ono kwambiri, ntchito imatenga masiku. Maola amene tinapatsidwa pa supercomputer (kompyuta yamphamvu kwambiri) anali kutha, ndiye mkulu wa gulu lathu anandilamula kuti ndikulitse timagawo ta mpweya. Ndinamuuza kuti mesh yokulirapo imafafaniza nsonga ya pressure (kukankha kwa mpweya), mphamvu ya kuphulika n'kumaoneka yochepa kuposa yeniyeni, koma anati ndili ndi mantha a mwana wasukulu.

Chithunzi cha simulation chinatuluka chokongola, nsanamira ili chilili ndi ming'alu yochepa chabe. Tsiku loyesa kwenikweni, fumbi litatsika ndipo titatuluka m'chipinda chobisaliramo, tinapeza konkire ya m'munsi yagumuka yonse, zitsulo zili pamtunda zitapindika, zomangira zake zitaduka. Pamaso pa amene analipira ntchitoyo, mkulu wa gulu lathu uja anandiloza n'kunena kuti ndinalakwitsa model ya pa kompyuta. Sanatchule n'komwe kuti lamulo linali lake, ndipo ndinalibe umboni chifukwa anandiuza pakamwa m'khonde. Mpaka lero sanapepese.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nsanamira imodzi si nkhani yaing'ono. Ku Oklahoma City ku America mu 1995, bomba litaphulika, mbali yaikulu ya nyumba ya boma ya Murrah inagwa nsanamira zochepa za kutsogolo zitaduka, ndipo anthu 168 anafa.

Musanakhulupirire zotsatira, yerekezani pressure yanu ndi ma curve a Kingery-Bulmash a mu 1984, amene amasonyeza pressure ya kuphulika potengera zoyesa zenizeni, ndipo onetsetsani ma unit (miyeso), chifukwa LS-DYNA sikuchenjezani mukasakaniza mamilimita ndi mamita. Komabe mesh musaichepetse mopitirira kukhala timagawo tating'ono ponseponse, chifukwa maola adzakutherani ngati ife. Ichepetseni pafupi ndi bomba ndi nsanamira, kutali ikule. Ndipo akuluakulu anu akaumirira kuti muikulitse, musalimbane nawo, chitani zimene anena, koma apempheni kuti alembe pa imelo.