Funsani Alangizi: Zokolola zachuluka, koma ndalama sindiziona

Okondedwa Alangizi,

Ndimakhala ku Kanakantapa m'boma la Chongwe. Kwa zaka zitatu sindinaphonyepo msonkhano wa alangizi. Ndaphunzira gamphani, kupanga manyowa ndi kubzala m'mizere, ndipo bungwe lina linatipatsa zitenje ndi masatifiketi. Chimanga chachulukadi: pa malima awiri (theka la hekitala) pomwe tinkapeza matumba 14, mu 2025 tinapeza 25. Koma m'manja mwanga palibe chasintha. Amagulitsa ndi bambo a kunyumba, ine ndimangomva kuti zatha. Mu Januwale ndinatenga kaloba kuti ndigulire ana nsapato za kusukulu. Tsopano bambo akuti kumisonkhanoko ndimangotaya nthawi. Kodi ndisiye?

Ine wanu,
Mayi wa ana asanu, Kanakantapa

Amayi, musasiye. Koma dandaulo lanu ndi loona, ndipo mbali ina ya mlanduwu ili pa ife alangizi. Ntchitoyi ndinaigwira zaka 26, ku Katete, ku Petauke, pomaliza kwanu komweko ku Chongwe, ndisanapume n'kudzakhala kuno ku Kaunda Square. Zaka zonsezo lipoti limene ndinkalemba mwezi ndi mwezi linkafuna kudziwa kuti ndaphunzitsa amuna angati, akazi angati, minda yachitsanzo ilipo ingati. Mzere wofunsa kuti ndalama za mbewuzo zagwera m'manja mwa yani panalibe. Tinkaperekeza mlimi mpaka pankhokwe n'kubwerera, chonsecho nkhani ya ndalama imayambira pankhokwe pomwepo. Zimandipweteka mpaka lero, chifukwa amayi onga inu ndinakumana nawo ambiri.

Tiyambe ndi zimene mwapindula kale. Kuchoka pa matumba 14 kufika pa 25 ndiye kuti mwawonjezera matumba 11. Mu 2025 a FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga mbewu, ankagula thumba la makilogalamu 50 pa K340, choncho matumba 11 amenewo ndi K3,740. Ndalama imeneyi inachokera m'manja mwanu. Pa gamphani mmene a Conservation Farming Unit akhala akuphunzitsira kuyambira 1996, lima imodzi imalowa mayenje pafupifupi 4,000, lililonse masentimita 30 m'litali, 15 m'lifupi ndi 20 kuya kwake. Malima anu awiri ndi mayenje ngati 8,000, okumba m'chilimwe nthaka ili gwaa, kenako kupalira kawirikawiri chifukwa munda wosagaula suchedwa kumera udzu. Ndikuudziwa msana umene unawerama pamenepo. Bambo akanenanso kuti mukutaya nthawi, nambala yoti muwaonetse mwaulemu ilipo.

Ndiye gulani kope la masamu ngati la mwana wa Giredi 4, likhale la munda basi. Chilichonse cholowa m'munda chilembedwe tsiku lomwelo: mbewu, matumba a D compound ndi urea, aganyu, matumba opanda kanthu, ngolo yotutira, ngakhale masiku amene inu mwagwira. Kutsamba lina muzilemba zotuluka, zodya ndi zogulitsa zomwe.

Ku Katete m'gulu langa munali mayi wina wosadziwa kulemba. Iye anatenga mabotolo awiri a mafuta ophikira opanda kanthu, lina la munda wa chimanga, lina la munda wa nsawa. Ndalama ikatuluka ankaponyamo njere ya nyemba, ikalowa ankaponyamo njere ya chimanga, njere imodzi kuimira ngati K10 ya masiku ano. Titakolola anabwera nawo mabotolowo pansi pa mtengo wa msangu pomwe tinkakumana, n'kukhuthula lililonse palichero pake. M'botolo la chimanga nyemba zinatsala pang'ono kufanana ndi njere za chimanga, feteleza atadya phindu. M'botolo la nsawa nyemba zinali zongowerengeka m'dzanja limodzi. Amuna ake anali pomwepo, atakhala pa kampando kumbuyo. Anadzuka, n'kugwada palicheropo, n'kuwerenga okha kawiri. Chaka chotsatira nsawa zinapatsidwa lima yathunthu m'malo mwa kamchira ka munda. Ine ndinali nditalankhula za kasinthasintha wa mbewu zaka ziwiri osamveka.

Tsopano nkhani yeniyeni. Pemphani lima imodzi, kaya theka, yoti mbewu yake, kugulitsa kwake ndi ndalama zake zikhale m'manja mwanu. Musaiyambitse nkhaniyi pa nthawi yogulitsa, mitima ili m'mwamba. Iyambitseni mvula isanagwe, madzulo mutadya, kope lili pamphasa. Nenani ntchito ya ndalamazo poyera: nsapato ndi mayunifomu a Januwale, sopo, chigayo, kuti kaloba asadzalowenso pakhomo panu. Amuna ambiri amavomera akaona kuti katundu wina akuwatsika pamutu. Akavomera, ankhoswe kapena apongozi amve, chifukwa pangano la awiri m'nyumba limaiwalika msanga nsawa zikacha bwino. Ndinaziona kangapo: mbewu imatchedwa ya amayi pamene ili ya ndiwo, ikayamba kubweretsa ndalama imasanduka ya banja. Ngakhale kwathu kum'mawa, kumene pa chikamwini munda ndi wa kwawo kwa mkazi, ndinaona eni munda osaiona ndalama ya munda wawo womwe. Muwaitanenso bambo ku tsiku lachionetsero m'munda, akamve okha. Koma nkhaniyi ikabweretsa kumenyedwa kapena kuopsezedwa, siilinso ya ulimi. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, pitaniko.

Mu lima yanuyo ine ndikadabzala nsawa. Sizifuna urea, zimasiya chonde cha chimanga cha chaka chamawa, ndipo zimasungika. Funani mbewu yabwino monga MGV4 kapena MGV5, zimene zinachokera ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera ku Chipata, osati zotsala m'chitini cha ndiwo. Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, osadikira kuti chimanga chithe kaye, poti n'chimene chimapha nsawa za amayi ambiri: zimabzalidwa pomaliza, zimapaliridwa pomaliza. Mdani wamkulu ndi chuku. Ziume bwino musanazisunge, ndipo poswa musaziwaze madzi kuti makoko afewe, ngakhale zala zipweteke. Chinyezi chimenecho n'chimene chimabala chuku, chomwe poizoni wake amawononga chiwindi, ndipo ogula akuluakulu opanga chimponde amayeza. Zonyala ndi zobiriwira mkati sankhani mutaye, musapatse ana kapena nkhuku. Nsawa zoswa ndi zosankha bwino zili ndi mtengo wina, zokazinga kapena zosinja chimponde zili ndi winanso.

Za nthawi yogulitsa mukuzidziwa kale. Mu Epulo ndi Meyi ogula oyendayenda amafika pakhomo ndi meda ndi sikelo yawo, pamene aliyense ali ndi mbewu ndipo aliyense akufuna ndalama. Chimene chimakakamiza mayi kugulitsa nthawi imeneyo ndi ngongole ndi mantha a anankafumbwe. Za anankafumbwe pali matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mbewu youma bwino ikamangidwamo mpweya osalowa, tizilombo timafa popanda mankhwala, bola thumba lisabooke ndi makoswe. Koma ndisakunamizeni kuti mtengo umakwera chaka chilichonse. Mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse, Zambia inakolola chimanga pafupifupi matani 1.5 miliyoni, ndipo amene anasunga anapindula. Mu 2025 zokolola zinaposa matani 3.6 miliyoni. Chaka chotere phindu la kusunga n'lakuti simugula ufa wa m'sitolo mu Januwale ndi ndalama ya kaloba.

Mwayi wanu waukulu ndi wakuti Lusaka ili pafupi. Loweruka lina ndinalawirira ku msika wa Soweto cha m'ma 05:00 kukagula matimati. Ndinapeza amayi atatu ochokera cha kwanu atakhala pa mabokosi awo, atafunda zitenje, ali chete. Usiku umenewo malole a matimati anali atalowa ambiri, mtengo unagwa dzuwa lisanatuluke, ndipo anali asanachotse ya galimoto ndi ya ejenti wowagulitsira. Matimati sangabwerere nawo kumudzi. Mayi wa dimba laling'ono sangalimbane ndi mafamu akuluakulu pamsika wotere. Chimene angathe n'kupeza ogula ake okhazikika. Mumsewu wa Great East musanafike m'tauni muli Chelstone, muli kuno ku Kaunda Square, chapafupi pali Mtendere, ndipo monsemu muli amayi a tuntemba ofuna repu, impwa, chibwabwa ndi kalembula m'mawa uliwonse. Atatu okha amene ali ndi nambala yanu ya foni akukwanirani poyambira. Mfutso wa m'dzinja, wouma pamthunzi mwaukhondo, umagulika mu Seputembala ndi Okutobala ndiwo zikasowa. Nkhuku zachikuda nazo sizigona pamsika nthawi ya Khirisimasi, bola muziteteze ku chitopa. Katemera wa I-2 ndi kadontho kamodzi m'diso, miyezi itatu kapena inayi iliyonse, ndipo kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku za mabanja angapo, choncho gulani pagulu kudzera kwa alangizi a ziweto.

Ogulawo azikulipirani pa Airtel Money kapena MoMo ya nambala yolembetsa ndi NRC yanu, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu nokha. Ndalama ya m'mpango imatha ndi alendo ndi tizofuna ta tsiku ndi tsiku.

Amayi amene mumakhala nawo pamisonkhano ndiwo chuma china chimene maphunzirowa akupatsani. Yambani chilimba kapena banki ya m'mudzi, kugawana kwake kuzichitika mu Disembala sukulu zisanatsegule. Gulu likalimba lilembetseni. Kuyambira 2022, pamene CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha m'madera, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, muli gawo la magulu a amayi ndi achinyamata, ndipo mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Makina oswera nsawa ndi chinthu choyenera kupempha. Kope lija lidzakuthandizaninso pamenepo.

Kumisonkhano pitirizani kupita, koma musamangokhala kumbuyo n'kuwomba m'manja. Alangizi akabweretsa njira yatsopano, imikani dzanja mufunse kuti idya ndalama zingati, iwonjezera masiku angati a ntchito ndipo agwire ndani, komanso zokololazo akagula ndani pa mtengo wanji. Mlangizi wabwino amakondwa ndi mafunso otere. Ngati misonkhano imaikidwa m'mawa pamene muli kumunda ndi kumadzi, pemphani pagulu kuti izikhala masana. Mudzandilembere mukadzakolola nsawazo, mundiuze mmene kope layendera.

Okondedwa Alangizi,

Ndimagwira ntchito ya ulonda kuno ku Lusaka, ndimakhala ku Kalingalinga. Chaka chilichonse ndimatumizira amayi anga ku Rufunsa ndalama ya feteleza, koma pofika Febuluwale amakhala akupemphanso ya ufa. Kodi kuli komwe angakaphunzire ulimi wosadalira feteleza kwambiri?

Ine mwana wanu,
wa ku Kalingalinga

Mwana wanga, ukuchita bwino kukumbukira amayi ako. Poyambira ndi kwa mlangizi wa kampu yawo, amene salipiritsa. Ngati sakumudziwa, ku ofesi ya DACO, mkulu wa zaulimi m'boma la Rufunsa, akawauza dzina lake ndi masiku a misonkhano. Pa za manyowa, mbewu zobwezera chonde ndi mitengo ya m'munda monga msangu ndi gliricidia, kuli Kasisi Agricultural Training Centre ya ansembe a Jesuit, kuseri kwa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, yomwe yakhala ikuphunzitsa alimi ang'onoang'ono kuyambira 1974. Kuchokera ku Kalingalinga si patali, pita wekha ukafunse za maphunziro afupiafupi ndi mtengo wake.

Koma feteleza usamudule kamodzin'kamodzi, chifukwa nthaka yotopa imatenga zaka zingapo kuti idzuke. Chaka chino gawa ndalamayo: ina ya feteleza wa lima imodzi yosamalika bwino, ina ya mbewu ya nsawa kapena nyemba, ina ya matumba awiri a PICS. Itumize mu Okutobala, osati mvula itagwa kale. Ndipo usanatumize, uwafunse amayi akowo chimene iwo akufuna kulima ndi amene amawathandiza kupalira, chifukwa ngati ali okha, lima imodzi ndiyo angathe.