Kwa achimwene a ku Luchenza ofuna kudzipangira mbewu ya bowa

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mukufuna kulima bowa wa oyisitala koma mbewu ikusowa, ndiye munawiritsa mapira, kuthira m'mabotolo, kuponyamo tizidutswa ta bowa wogula, ndipo sabata isanathe mabotolo onse anabiriwira, ena n'kumanunkha. Mukufunsa ngati mapirawo anali oipa, kapena pali mankhwala amene anthu a mulabu amathira koma satiuza. Ndaonanso ena akukulangizani kuti muthiremo mchere, wina mpaka wati makapisozi a kuchipatala. Zimenezo zisiyeni. Ine ntchito yanga ndi yomeretsa tizilombo tosaoneka ndi maso m'timbale ta mulabu, choncho ndiyankha motalikirapo. Amene bandulo yawathera andikhululukire.

Mankhwala obisika palibe, ndipo mapira anu alibe mlandu. Mapira owiritsa ndi chakudya chabwino cha bowa, koma n'chabwinonso kwa nkhungu ndi mabakiteriya, ndipo amenewa ali ponseponse: mu mpweya wa m'chipinda, m'zikhadabo, m'malovu amene amathamanga mukamalankhula, pa khungu la bowa munadulayo, ngakhale m'mapira momwemo. Pali mabakiteriya amene zinthu zikawayendera amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha, mmodzi pomatha maola 7 wapitirira 2 miliyoni. Pomwe ulusi woyera wa bowa, umene ndiwo mbewu yakeyo, umangoyenda mamilimita ochepa pa tsiku. Kumunda udzu ukamera limodzi ndi chimanga mumatenga khasu n'kupalira, koma m'botolo khasu silingalowe. N'chifukwa chake mulabu timayamba tapha chamoyo chilichonse m'chakudyacho, kenako n'kudzala mosapatsa mpata china kuti chilowe. Zobiriwira munaonazo kawirikawiri imakhala nkhungu yotchedwa Trichoderma, imene imaliza alimi a bowa kulikonse, pamene fungo lowawasa lija ndi la mabakiteriya.

Mukuti, nanga si ndinawiritsa? Munawiritsadi, koma madzi owira sapha zonse. Mabakiteriya a mtundu wa Bacillus, amene ndi ochuluka m'dothi ndi pa njere za mbewu, akaona kuti zavuta amadzitsekera m'kachikopa kolimba n'kugona, ndipo kuwira kwa madzi amakupirira. Botolo likazizira amadzuka n'kupeza chakudya chonse chili chawo. Komanso kuno n'kumtunda. Malo ngati Bvumbwe madzi amawira asanafike madigiri 100, cha pa 96, ndipo ngakhale musonkhezere nkhuni zochuluka bwanji sapitirira pamenepo. Chimene chimapha ogona aja ndi nthunzi yotsekeredwa mpaka itafika madigiri 121. Mulabu tili ndi makina otchedwa autoclave, koma pakhomo pressure cooker yofika 15 psi (muyezo wa mphamvu ya nthunzi) imagwira ntchito yomweyo. Onetsetsani pogula, chifukwa si zonse zimene zimafika pamenepo. Chakudya chamadzimadzi chimafuna mphindi 15 mpaka 20 kuchokera pamene nthunzi yakwana, pamene mabotolo a mapira amafuna ola limodzi mpaka ola ndi theka, poti kutentha kumachedwa kulowa pakati.

Chonde, pasapezeke wina wopita kwa wowotcherera kuti amutsekere diramu kuti ikhale pressure cooker yaikulu. Diramu sinapangidwire zimenezo, ikhoza kuphulika n'kupha munthu.

Tsopano pamene munalumpha sitepe. Ife sitichoka pa bowa n'kupita molunjika ku mapira. Pakati pali mbale, kambale kovundikira ka mulabu kamene mumayamba mwameretsamo bowa pa chakudya ichi. Mumatenga mbatatesi yosenda magalamu 200, kuiduladula, kuiwiritsa mu lita imodzi ya madzi, kusefa n'kutsala ndi msuzi wokha. Mu msuziwo muonjezere madzi kuti ubwerere pa lita, muthire shuga wa glucose magalamu 20 ndi ufa wa agar magalamu 15 mpaka 20. Mukaphika mu pressure cooker n'kuzizira, chimalimba ngati phala logona koma chowala. Agar amachokera ku zomera za m'nyanja zamchere, ndipo ndiye chokhacho pamndandandawu chimene simungachipeze pamsika wa Luchenza. Funsani kwa ogulitsa zipangizo za malabu a sukulu. Ubwino wake ndi woti akalimba sasungunuka mpaka cha pa madigiri 85, ndipo tizilombo tambiri sitimudya. Kale a mulabu ankagwiritsa ntchito gelatin, amene amasungunuka kukangotentha pang'ono, mpaka mayi wina, Fanny Hesse, amene mwamuna wake ankagwira ntchito ndi katswiri wa tizilombo Robert Koch ku Germany, anawauza za agar amene iye ankaphikira kukhitchini. Zimenezi zinachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, ndipo kambale kovundikira kaja kanabwera ndi Julius Petri mu 1887. Mpaka lero malabu a dziko lonse akudalirabe nzeru ya mayi ameneyu. Ngati timbale mulibe, mabotolo agalasi aphwatalala amathandiza: thirani pang'ono, tsekani ndi thonje, phikani, kenako muwagoneke chammbali kuti chakudyacho chilimbe motambalala.

Mbale ndi yofunika chifukwa pa iyo mumaona ndi maso. M'mapira mdani amabisala, mumamuzindikira zonse zitawonongeka. Pa agar chilichonse chimene chagwerapo chimamera pachokha, poyera. Ulusi wa oyisitala ndi woyera mbuu, wonga thonje, ndipo umatambasuka mozungulira kuchokera pamene munaika kachidutswa. Mukaona kadontho konyezimira ngati mamina, amenewo ndi mabakiteriya. Mukaona kachigamba koyamba koyera kenako kobiriwira, kakuda kapena kachikasu, imeneyo ndi nkhungu. Mbale ikakhala ndi mbali imodzi yoyera bwino, mumadula kachidutswa kumapeto kwa ulusi, kutali ndi chodetsacho, n'kukasamutsira pa mbale yatsopano. Nthawi zina mumasamutsa kangapo kuti mupeze mbale imene muli bowa yekhayekha.

Kadzalidwe kake ndi komwe kumafuna manja odekha. Sankhani bowa wamng'ono, wathanzi, wongothyoledwa kumene, osati wogona pamsika. Musamutsuke ndipo musamudule ndi mpeni, chifukwa mpeniwo umakankhira litsiro la kunja m'kati. Mung'ambeni pakati ndi zala, kuchokera ku chipewa kutsika ku tsinde. M'katimo, pamene chipewa chakumana ndi tsinde, muli mnofu woyera umene sunakhudzidwepo ndi kanthu. Tengani lezala latsopano kapena kampeni, liwotcheni pa moto mpaka lifiire, dikirani lizizire osaliika pansi, dulani kachidutswa konga njere ya mpunga, tsegulani mbale pang'ono pokha, ikani, tsekani. Zonsezi zichitike m'masekondi. Osalankhula, osayimba, osayankha foni. Manja ndi tebulo mupukute ndi sipiriti ya 70 peresenti, imene imapha bwino kuposa yosasungunula, koma dikirani iume musanayandikire moto. Mawindo atsekedwe ndipo musasese m'chipindamo tsiku limenelo. Anthu ambiri amasesa poganiza kuti ndi ukhondo, pamene akungoulutsa fumbi. M'malabu akuluakulu muli kabati yopemerera mpweya wosefedwa, koma inu mutha kutenga bokosi lalikulu lapulasitiki loonekera m'kati, kuboola mabowo awiri olowetsa mikono, kulipukuta n'kulivundikira pa tebulo. M'bokosimo mpweya suyenda, choncho fumbi limakhala pansi.

Mbale ikadzaza ndi ulusi woyera, ndi pamene mapira amalowa. Aviikeni usiku, muwawiritse pang'ono kuti afewe koma asaphulike, muwayanike mpaka kunja kuume. Mukawagwira m'manja asamate. Mapira onyowa kwambiri ndiwo amabweretsa fungo lija. Dzazani botolo osafika kukamwa, tsekani ndi thonje kuti bowa azipuma, phikani mu pressure cooker, lizizire kwathunthu, kenako, mukugwirira m'bokosi lija, muponyemo kachidutswa ka agar kokhala ndi ulusi. Pakatha masabata awiri kapena atatu botolo limayera lonse. Botolo limeneli likhoza kudzalira mabotolo ena angapo, koma musapitirize mibadwo yambirimbiri, botolo kuchokera ku botolo. Mbewu imafooka ndipo litsiro limaunjikana. Bwererani ku mbale yoyamba, imene muisunge mufiriji, osati mufiriza.

Nyengo yathu nayo ili ndi mbali yake. Ulusiwu umakonda cha pa madigiri 25. M'miyezi ya June ndi July chiperoni chikagwa umayenda pang'onopang'ono, ndipo ena amataya mabotolo abwinobwino poganiza kuti afa. Mu October chipinda cha malata chimatentha kwambiri moti nkhungu ndi imene imapambana. Chinyezi chimene chimakometsa tiyi wa kuno chimakometsanso chuku, ndiye alimi a Thyolo ndi Mulanje tiyenera kusamala kuposa anzathu a kumadera ouma.

Mwina mungadabwe kuti bwanji zitsononkho, mapesi kapena masamba a nthochi zodzalamo bowa timangozifukiza mu diramu yosatseka n'kutheka. N'chifukwa choti chakudya chake n'cholimba, mabakiteriya sachidya msanga, ndipo mbewu imene mumathiramo imakhala yambiri ndi yamphamvu kale. Mapira ndi agar ndiwo safuna chibwana.

Zimene ndafotokozazi si za bowa yekha. Ku Chikwawa a PressCane amapanga ethanol kuchokera ku molasesi wa nzimbe, ndipo wogwira ntchito yeniyeniyo ndi yisiti. M'mafakitale otere yisiti amayambira m'kabotolo, kupita m'chiwiya chokulirapo, kenako m'thanki, sitepe ndi sitepe, kuti pofika m'thanki yaikulu akhale wochuluka kuposa aliyense wofuna kulowerera. Inokulanti amene alimi a soya amapaka ku mbewu ndi mabakiteriya amoyo omeretsedwa m'njira yomweyi, n'chifukwa chake paketi yake siyenera kukhala padzuwa. Anzathu a mkaka kuno ku Thyolo amene akupanga yogati akuwetanso mabakiteriya a mitundu iwiri: amatenthetsa mkaka cha pa madigiri 85, kuuziziritsa kufika 43 kapena pafupi, n'kuthira mbewu. Chambiko ndi thobwa zimasasa ndi tizilombo timene tapezeka pomwepo, n'chifukwa chake za lero ndi za mawa sizikoma mofanana. Fakitale singalole zimenezo, imafuna mtundu umodzi wodziwika. Ngakhale mbewu ya nthochi yopanda chisaka, matenda amene anatha nthochi kuno, imayambira m'mabotolo a agar, ndi ukhondo womwewu.

Kuchipatala nako ndi chimodzimodzi, kungoti kumeneko timameretsa mdaniyo dala kuti timudziwe. Magazi, mkodzo kapena mafinya timapaka pa mbale, kuika pa madigiri 37 ngati thupi la munthu, ndipo mawa lake timaona chamera. Kenako timayala timapepala tamankhwala pamwamba pa tizilomboto. Mankhwala amphamvu amasiya bwalo loyera mozungulira, opanda mphamvu tizilombo timamera mpaka kuwakhudza. Ndikaona mbale imene tizilombo tamera mpaka pa kapepala kalikonse, ndimakumbukira anthu ogula makapisozi pagolosale, ndiye mumvetse chifukwa chake ndakana zothira mankhwalawa m'mapira. Makapisoziwo nkhungu saipha n'komwe, mungophunzitsa mabakiteriya kupirira. Kachilombo ka TB kokha n'kochedwa, kamatha masabata angapo kasanaonekere pa chakudya chake chopangidwa ndi mazira, nthawi zina mpaka 8.

Pamenepa ndichenjeze ana a sukulu amene ali m'gulu lino. Mukadziwa kuphika agar musayambe kupakapo za pachilonda, za kuchimbudzi kapena makhololo kuti muone chimene chimere. Tizilombo tochepa timene thupi likanatha kulimbana nato, pa mbale timasanduka mamiliyoni. Zimenezo zili ndi malo ake ndi maphunziro ake, ndipo amene zamukoka mtima, yunivesite ya MUST ili pompano ku Ndata, amaphunzitsa zimenezi.

Wina wafunsa ngati njirayi ingagwire pa bowa wa pachulu kapena wa m'nkhalango uja timazula dzinja. Ayi. Wa pachulu amaweteredwa ndi chiswe, ndipo wambiri wa m'nkhalango moyo wake uli pa mizu ya mitengo yamoyo. Oyisitala amatheka chifukwa amadya zouma zakufa.

Maganizo anga, achimwene, ndi awa. Ngati simunakololepo bowa, musayambe ndi kupanga mbewu. Gulani yopangidwa kale, phunzirani kufukiza, kudzala m'majumbo, kusunga chinyezi m'nyumba ya bowa ndi kupeza msika, poti bowa sachedwa kufota akathyoledwa. Kafunseni kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe kapena kwa alangizi a dera lanu za kumene mungapeze mbewu yodalirika. Pogula yang'anani botolo: liyere lonse, pasakhale madontho a mtundu wina kapena madzi pansi, ndipo linunkhire bowa. Mukazolowera zimenezo, ndipo ngati mulipo angapo m'dera limodzi, sonkherani pressure cooker imodzi yabwino ndi agar, musankhe munthu mmodzi wodekha, wosapupuluma, kuti azipangira gulu lonse. Si aliyense amene ntchitoyi imamuyanja, ndipo masukulu sakhudza kwenikweni. Alipo amayi osapita patali ndi sukulu amene manja awo ndi aukhondo kuposa a ena ovala makoti oyera.

Mabotolo obiriwira muli nawowo musawatsegulire m'nyumba, makamaka m'chipinda chimene mukufuna kudzagwiriramo ntchito, chifukwa botolo limodzi limatulutsa fumbi la nkhungu lokwanira kukuvutitsani miyezi. Atengereni kutali ndi nyumba ya bowa, mangani kansalu kukamwa ndi mphuno, thiranimo madzi a Jik, asiyeni usiku wonse, kenako mukwirire zam'katizo m'dzenje. Mabotolowo mukawatsuka bwino mutha kuwagwiritsanso ntchito.