Chifukwa chake mtembo umalimba kenako n'kufewanso

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mtembo umalimba pousambitsa, komanso ngati kulimbako kumatha. Kumatha ndithu.

Mtima ukasiya kugunda, minofu imasowa mpweya ndi mphamvu yoti imasuke, choncho imagwirana n'kuuma. Zimayamba pakadutsa maola 2 mpaka 6, kuyambira m'zikope, nsagwada ndi khosi, kenako n'kutsikira m'manja ndi m'miyendo. Pofika maola 12 thupi lonse limakhala litalimba, ndipo limayamba kufewanso pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Kukatentha zonsezi zimafulumira. N'chifukwa chake ogwira ntchito kumotchale amatseka maso, kumanga nsagwada ndi kansalu ndi kuwongola miyendo msanga. Mukachedwa musakakamize, ndapota. Sisitani chigongono ndi zala, n'kumazipinda pang'onopang'ono mpaka zitalola.

Chomwe chimasautsa kwambiri achibale ndi mabanga akuda kumsana. Ambiri amaganiza kuti malemu anamenyedwa, ndipo ndi bwino kuwafotokozera mofatsa asanayambe kulozana zala. Magazi amangotsikira mbali imene thupi lagonera, ndipo pakatha maola 8 mpaka 12 mabangawo sasunthanso. Ikani kamtsamiro kumutu kuti nkhope isade.

Thupi limazizira mpaka kufanana ndi chipinda chimene lilimo. Kenako tizilombo ta m'matumbo timayamba kuliwoletsa, ndipo pamimba, m'munsi chakumanja, pamayamba kubiriwira. Firiji ya madigiri 2 mpaka 4 imachedwetsa zimenezi koma siiziletsa. Muzivala magolovesi nthawi zonse, makamaka potembenuza thupi, poti madzi amatha kutuluka m'mphuno ndi m'kamwa.